Amayi Anawiritsa Zipeso

4 Malichi

Okondedwa Amayi ndi Abambo,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ife kuno tili bwino, kungoti msana wanga ukudandaula ndi kusita nsalu za kuhotela tsiku lonse. Bambo a mwana akupereka moni.

Khalani pansi kaye musanawerenge mzere wotsatirawu. Andipatsa tchuthi cha masabata atatu kuyambira mu Juni, ndipo matikiti ndagula kale, yanga ndi ya mdzukulu wanu. Bambo ake atsala, kuntchito awakaniza. Zaka zinayi, Amayi! Ndikangoganiza zotsegula kageti kathu kaja kolira ngati mphaka, ntchito sikugwirikanso. Dzulo ndinatsala pang'ono kuwotcha nsalu ya pathebulo.

Mdzukulu wanuyu wakwanitsa zaka ziwiri ndi theka, ndipo chibadwire sizasi sinamukhudze m'mutu. Tsitsi lake ndi lanu lenileni, lothithikana, lokana chipeso. Ine mwana wa mayi woluka tsitsi wodziwika msewu wonse, ndikayesa kumuluka mizere imayenda ngati munthu woledzera. Ndiye ndinamuuza kuti agogo ndi amene adzamuluke koyamba. Ndinalakwitsa, chifukwa tsopano akaona chipeso amathawira kuseri kwa mpando n'kumakuwa kuti, "Agogo okha!"

Kalata yanu yapitayi inali yaifupi ngati lisiti. Kusaluni kukuyenda bwanji? Mpando wopendekeka uja munaukonzetsa? Abambo, anthu akubweretsabe mawotchi, kapena onse angoyamba kufunsana nthawi pamsewu? Ndiuzeni zoti ndikubweretsereni.

Ndine mwana wanu,
Kasekondi

(Abambo, dzina munandipatsali silinandichoke. Kunonso akuti ndili ngati kamuvi ka wotchi kaja kosapuma.)

24 Malichi

Mwana wanga,

Moni kwa iwe, kwa bambo a mwana ndi kwa mwanayo. Ife tili bwino.

Kalata yako ndawerenga. Chaka chino usabwere. Nyumba siili bwino, ndipo ine ndilibe mpata wolandira alendo. Matikitiwo ubweze asanakudyere ndalama.

Tsitsi la mwana usamalisunge chifukwa cha ine. Oluka ali konsekonse. Likakuvuta ungomumeta, limera lina.

Saluni ndatseka kaye. Usatumize kalikonse.

Mayi ako

12 Epulo

Abambo,

Moni. Kalata iyi ndi yanu nokha, ndiye ndailembera ku keyala ya kushopu.

Ndawerenga kalata ya Amayi kasanu konse kufunafuna pomwe pali nthabwala, osapapeza. "Alendo." Ine ndasanduka mlendo? Mwana amene dzina lawo silichoka pakamwa pake, iwo akungomutchula kuti "mwanayo"?

Musavutike kundibisira, chifukwa chake ndikuchidziwa. Tsiku ndinkanyamuka lija, Amayi atandipempha komaliza kuti nditsale tiziyendetsa saluni limodzi, ndinawayankha pamaso pa makasitomala kuti, "Ine sindidzakalambira m'mitu ya anthu ngati inu." Anangopitiriza kuluka. Mawu amenewo andidya zaka zinayi. Ndimayesa kuti kubadwa kwa mwanayu kunafafaniza zonse, koma ndaona kuti ayi. Ndipo akuti atseka saluni. Si kundiuza kumeneko kuti ntchito yawo yafa chifukwa ine ndinaithawa?

Ndapsa mtima, Abambo, komanso ndikulira. Ogulitsa matikiti ati ndingathe kuwabweza mpaka pa 31 Meyi. Ndidikira mpaka tsiku limenelo. Mukakhala chete inunso, ndibweza, ndipo tsitsi la mwanayu ndimeta monga anenera.

Ndiuzeni zoona zokhazokha. Kodi kwathu ndikufunikabe?

Mwana wanu

1 Meyi

Kasekondi mwana wanga,

Moni kwa nonse atatu. Ine ndili bwino, kupatula bondo lija. Kalata yako yandipeza ndikutsegula wotchi ya munthu, ndipo mpaka pano ili chitsegulire.

Wathamanga monga mwa dzina lako. Mayi ako anandilumbiritsa kuti ndisakuuze kanthu, koma misozi yako yandimasula. Mvetsera bwino. Nkhani si mawu ako aja. Nkhani ili pansi pa duku.

Mu Januwale, kamtsikana kena kamene mayi ako anakaluka kanatuluka chipere m'mutu. Mayi wake anabwera kusaluni n'kulalata mpaka anthu a m'mashopu oyandikana kutuluka, akuti zipeso za mayi ako ndi zauve. Ukudziwa kuti mayi ako angalole kuwanena chilichonse, koma osati zipeso zawo. Patangotha sabata, iwo eni anayamba kumva kuyabwa kunkhongo. Atagwira anapeza chigamba cholimba. Basi, anadziweruza okha kuti chipere chija chinachokera kwa iwo, ndipo akhala akupatsira anthu osadziwa.

Kuchokera tsiku limenelo m'nyumba muno simukhalika. Zipeso zonse anaziwiritsa mumphika waukulu. Zapulasitiki zinapindika ngati nyanga, chatsala ndi chimodzi chachitsulo chija. Saluni anatseka. Ali ndi pilo wawo, thaulo lawo, beseni lawo. Ine ndikangoyandikira amandithamangitsa ngati nkhuku yolowa m'khitchini, chonsecho mutu wangawu ndi dazi lokhalokha, sindikudziwa chimene akuteteza. Duku salivula, ndipo alitsitsa mpaka pansidze. Mankhwala a chipere amaliza machubu atatu, osasintha kanthu. M'mawa uliwonse amadzitsekera kubafa n'kumapala m'mutu ndi mchira wa chipeso, monga amachitira ndi makasitomala a mfundu, mpaka magazi. Akapala lero, mawa chigamba chakula.

Ndiye kalata yako yoyamba itafika, anaiwerenga ataimirira, n'kukhala pansi, n'kunena kuti, "Kamwana kameneka ndikakagwira m'mutu ndikawonongera tsitsi lonselo." Analira, mwana wanga. Kenako analemba zimene unalandirazo. Mawu oti "alendo" anawasankha dala kuti upse mtima, usabwere.

Kuchipatala akukana. Akuti woluka tsitsi akaoneka pamzere wa odwala khungu, mawa msika wonse udziwa.

Tsopano ndikuuze zimene ndaona ine. Lamlungu masana anagona pampando, duku litasomphoka. Ndinatenga kagalasi kanga ka mawotchi n'kuyang'ana mwakachetechete ngati mbala. Chipere ndimachidziwa, iwe unadwalapo uli kusukulu. Chako chinali chozungulira, tsitsi lothothoka, pamalopo mbee. Za mayi akozi si choncho. Tsitsi lili chilili, likutulukira pakati pa mamba. Mambawo ndi okhuthala, ouma, otuwa ngati phulusa, osanjikizana. Pansi pake khungu ndi lakuda mofiirira. Zigambazo zili ndi malire ooneka bwino ngati wachita kulemba ndi pensulo, ndipo sizinathere m'tsitsi, zatsikira pachipumi ndi kuseri kwa makutu. Ndinaonanso china. Zikhadabo zawo zili ndi timaenje ting'onoting'ono ngati wabayabaya ndi singano. Ine si dokotala, koma zaka makumi anayi ndikuyang'ana tinthu tating'ono zandiphunzitsa kuti wotchi ukaithira mafuta katatu osayenda, vuto si mafuta.

Matikiti usabweze. Sizasi ibise. Ndipatse sabata imodzi.

Bambo ako

8 Meyi

Mwana wanga wokondedwa,

Moni kwa iwe, kwa bambo a mwana, ndi kwa mdzukulu wanga, mdzukulu wanga, mdzukulu wanga. Ndalemba katatu kuti ndilipire kumene ndinamutchula kuti "mwanayo".

Bambo ako ndi munthu wosasunga chinsinsi, ndipo ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Lachisanu anabwera ndi kalata yako ija, n'kuima pakhomo la khitchini kuti ndisathawe, n'kuiwerenga mokweza mpaka pa funso lako lomaliza. Atamaliza anati, "Mayi a mwana, sankhani. Manyazi a pamzere kapena mwana wanu." Lolemba m'mawa ndinali pamzere.

Ndipo manyaziwo anali a chabe. Ndinakumanadi ndi kasitomala wanga mmodzi, koma anali kalikiliki kubisa phazi lake, moti tinangopatsana moni ngati anthu osadziwana.

Dokotala wa khungu ndi mtsikana wa msinkhu wako. Nditalowa ndinamuuza ndisanakhale n'komwe kuti, "Adokotala, musandigwire. Ndili ndi chipere chosamva mankhwala."

Anaseka pang'ono. "Mayi, mwabwera ndi dzina la matenda kale? Ndiye ine ntchito yanga ikhala chiyani? Tavulani duku tione."

Miyezi itatu palibe munthu amene ndinamuvulira duku. Manja ankakana. Bambo ako anatembenukira kukhoma ngati sanaonepo kanthu, wabodza.

Dokotala anandikhazika pafupi ndi windo, n'kumagawa tsitsi langa pang'onopang'ono ndi kamtengo. Kenako anatulutsa kagalasi kokhala ndi nyale. Ukanaona bambo ako mmene anadzitukumulira! Dokotalayo anayang'ana pachipumi, kuseri kwa makutu ndi kunkhongo. Anakanda mamba pang'ono, pansi pake panatuluka timadontho ta magazi ngati nsonga za singano. Anakoka tsitsi pang'ono, silinathothoke. Anandigwira m'khosi kufuna mwanabele, sanapeze. Ndiye anati, "Tandionetsani zigongono." Ine ndinadabwa, ndabwerera mutu, zigongono zalowa bwanji? Koma pachigongono chakumanja panalidi kachigamba kotuwa, kamene ndinkayesa kuti n'chifukwa chotsamira pathebulo. Anaona mawondo, kenako anatenga manja anga n'kuyang'ana zikhadabo.

"Timaenje timeneto ndinationa ine poyamba," anatero bambo ako, osafunsidwa.

Dokotala anafunsa ngati mfundo za zala zimandipweteka kapena kuuma m'mawa. Ndinati ayi. Anafunsa ngati kwathu kunali wina wa khungu lotere. Ndinati ayi, kenako ndinakumbuka. Agogo ako aamuna, bambo anga, zigongono ndi mawondo awo zinali zotuwa moyo wawo wonse. Popeza anali mmisiri womanga nyumba, tonse tinkati ndi simenti.

Dokotala anapala timamba pang'ono ndi kuzula titsitsi tingapo, n'kutumiza kuchipinda choyezera kuti akaone pa makina ngati muli tizilombo ta chipere. Tinadikira pabenchi mpaka masana. Mtima unali m'mwamba, mwana wanga, moti bambo ako anandigulira chakumwa ndipo sindikukumbuka ngati ndinamwa.

Atatiitananso, dokotala anati, "Mayi, chipere mulibe. Chipere chimakonda ana, chimadula tsitsi n'kusiya dazi. Mfundu nayonso siikhala ndi malire otere, ndipo siipita kuzigongono. Anuwa ndi matenda otchedwa soriyasisi. Khungu limafulumira kupanga khungu latsopano lakale lisanachoke, ndiye limaunjikana n'kukhala mamba. Nthawi zambiri amayenda m'magazi a pabanja."

Ine dzinalo sindinalisamale. Ndinafunsa chimodzi chokha. "Ndapatsira anthu angati?"

"Palibe ndi mmodzi yemwe."

"Nanga kamtsikana kaja?"

"Chipere chake anakachitenga kwina, mwina kusukulu. Kwa inu sichikanachokera, chifukwa mulibe. Anuwa sapatsirana, kaya pa chipeso, kaya pa pilo, kaya pa thaulo."

"Ndili ndi mdzukulu wa zaka ziwiri ndi theka. Ndingamuluke?"

"Mulukeni, mumupsompsone, mugone naye pilo mmodzi."

Ndinalira ngati mwana, pamaso pa mtsikana wa msinkhu wako. Ndinamva ngati ndatula mtolo umene ndinaiwala kuti ndausenza.

Sanandinamize. Akuti matendawa satheratu, amagona n'kudzuka, makamaka munthu akamada nkhawa. Ndipo wandikalipira chifukwa cha kupala kuja. Akuti khungu lotere ukalivulaza, pamene wavulazapo m'pamene pamatuluka chigamba china. Tangoganiza, zaka makumi atatu ndikupala mitu ya anthu n'kumayamikiridwa, luso lomwelo ndi limene limandikulitsira matenda! Wandipatsa mafuta ofewetsa mamba, sopo wamadzi wonunkha ngati phula la pamsewu, ndi mankhwala odontheza pakhungu. Akuti pakhale munthu wondigawa tsitsi m'mizere kuti mankhwala afike pakhungu penipeni. Bambo ako akuyesetsa, koma amagawa ngati akufuna sikuluu yotayika.

Potuluka sindinapirire. Ndinamuuza dokotalayo kuti amene anamuluka anamukoka kwambiri kutsogoloku, akapitiriza chipumi chidzafika pakati pa mutu. Wafunsa kumene kuli saluni yanga.

Tsopano za mawu ako aja. Anandipweteka, sindikana. Ndinawasunga chaka, mwina kupitirira. Koma tsiku limene unanditumizira chithunzi cha mwana ali ndi tsitsi langa, ndinawataya. Iwe wawasenza zaka zinayi pachabe. Ndikhululukire chifukwa cha kalata ija. Ndinaona kuti kuli bwino undide kusiyana n'kuti ndiwononge mutu wa mwana wako.

Bwera. Bwera ndithu. Tsitsi usalikhudze. Ndipo undibweretsere zipeso, zambiri, za mano otalikirana. Usafunse kumene zinapita zakale.

Bambo ako awerengetsa masiku ndipo akuti kalatayi ikupeza pa 31 pasanafike. Ndikupemphera kuti ulendo uno wotchi yawo ikhale yolondola.

Mayi ako amene akukudikira

28 Meyi

Amayi anga, Abambo anga,

Moni, ndipo pepani zilembo zokhotakhota, ndikulemba mothamanga.

Makalata anu onse awiri afika lero limodzi. Ya Abambo inayenda masabata anayi, envelopu yake yadetsedwa ndi zidindo, kaya inakazungulira kuti. Masabata onsewa ine ndimangoti Abambo nawonso andikana. Matikiti anali kale m'chikwama, ndimati ndikabweze mawa pa nthawi yopuma. Ndawerenga nditaimirira pamakwerero, ndalira, ndaseka za zipeso zopindika, ndaliranso. Mayi wa chipinda choyandikana nafe watuluka kudzafunsa ngati kwagwa maliro. Ndamuuza kuti ayi, amayi anga ali ndi matenda osatha. Wandiyang'ana ngati ndapenga, chifukwa ndimanena ndikuseka.

Amayi, miyezi itatu nokhanokha ndi beseni lanu! Bwanji osandiuza? Ayi, musayankhe. Inenso ndinakhala zaka zinayi osakufunsani.

Koma ndili ndi mlandu. Dzulo nditaweruka ndinatenga sizasi. Ndinamukhazika mwana pampando, ndinadula kamodzi kunkhongo. Atamva kulira kwa sizasi anagwira mutu ndi manja onse awiri n'kukuwa kuti, "Agogo okha!" Bambo ake anabwera n'kundilanda sizasiyo, ndipo mpaka pano sindikudziwa kumene aibisa. Ndiye tsitsi lilipo, koma kumbuyo kuli kampata ngati padya mbewa. Mundikalipire ndikafika.

Tifika pa 20 Juni. Zipeso ndigula dazeni.

Kasekondi wanu

27 Juni

Bambo a mwana,

Moni apongozi. Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ngakhale nyumba yakukulirani. Anthu anu anafika bwino. Ndati ndikulembereni ndekha, poyamba kuthokoza chifukwa cha sizasi ija. Musaitulutse.

Ine ndikupezako bwino. Mamba ambiri achoka, pachipumi patsala mthunzi chabe. Kunkhongo kukuvutabe, ndipo dokotala wati ndibwererenso mwezi wamawa. Saluni ndatsegula Lolemba. Anthu abwera ochepa, koma abwera, ndipo woyamba anali dokotala uja.

Mwana wanu ndinamuluka tsiku lachiwiri. Tsiku loyamba ankangondisuzumira kuseri kwa siketi ya mayi ake. M'mawa mwake anabwera yekha atanyamula chipeso chachitsulo chija, n'kukhala pakati pa miyendo yanga ngati wakhala akutero moyo wake wonse. Sanalire ngakhale pang'ono. Kampata ka kumbuyo ndakabisa, simungakaone. Ndaika chithunzi m'kalatamu kuti muweruze nokha.

Nditamaliza anakwera pamiyendo panga kuti naye andiluke. Anakoka duku n'kulowetsa kadzanja m'tsitsi langa, pachigamba penipeni. Thupi langa linadzidzimuka lokha, ndinatsala pang'ono kumukankha. Kenako ndinakumbuka mawu a dokotala. Ndinangokhala phee, kadzanja kali pomwepo. Anafunsa kuti, "Agogo, chikupweteka?" Ndinati ayi, chasiya.

Ntchito yothira mankhwala apongozi anu aamuna achotsedwa. Akuti sakudandaula, koma akungozungulirazungulira ndi kagalasi kawo. Tsopano m'mawa uliwonse ndimakhala pampando wopendekeka uja, mkazi wanu n'kuima kumbuyo kwanga, kugawa tsitsi mzere ndi mzere, kudontheza mankhwala. Dzulo ndinatenga magalasi awiri kuti ndione ntchito yake. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, si unkati mizere yako imayenda ngati woledzera?" Anayankha kuti, "Pamutu pa mwana, Amayi. Pamutu panu ndikuopa."

Ndiye ndinamukumbutsa kuti pali munthu wina amene analumbira kuti sadzakalambira m'mitu ya anthu. Anaseka mpaka chipeso kugwa, kenako ndinamva dontho lofunda pakhosi panga, ndipo silinali la mankhwala. Sindinatembenuke. Ndinangomuuza kuti atole chipeso apitirize, kwatsala mizere inayi.

Mizere yake ndi yowongoka, apongozi. Yowongoka kuposa yanga.

Ndine apongozi anu,
Agogo a mwana